Kabatani kofiira kaja: usiku umene tayala linaphulika pa M62

Kaya muli m'basi kupita ku shifiti ya usiku, kaya muli mu taxi ku Joburg, kaya mwangoweruka kumene ku Indiana uko, takulandiraninso. Lero mlendo palibe, muli ndi ine ndekha, ndipo ndikufuna tikambe za kabatani kamodzi ka m'galimoto. Kabatani kofiira kaja, kokhala ndi chithunzi cha thirayango. Mahazadi.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka, eti pulogalamu yathunthu kukamba za mahazadi? Dikirani kaye. Ambiri a ife tinabwera kunja kuno tisanagwirepo chiongolero. Tinaphunzira galimoto chifukwa ntchito inafuna, makamaka ife osamalira okalamba m'makomo mwawo. Tinagula tigalimoto takale totchipa, ndipo tikuyenda nato usiku, m'nyengo yozizira, pamisewu imene anthu amathamanga kwambiri. Funso la mahazadi tinalikhoza pa mayeso a laisensi. Koma kuliyankha uli m'mbali mwa msewu, manja akunjenjemera, mwana akulira kumbuyo, imeneyo ndi nkhani ina. Ine ndinalephera, ndipo ndikuuzani mmene zinakhalira.

Unali mwezi wa Januwale, Loweruka usiku. Tinkachokera ku Manchester ku chinkhoswe cha mnzanga wa kutchalitchi, tikubwerera ku Leeds. M'galimoto tinalimo atatu: ine, mwana wanga wamwamuna amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 3, ndi amalume anga, achimwene awo a mayi, amene anabwera kudzacheza miyezi ingapo. Amalume amenewa ndi dalaivala weniweni. Ayendetsa malole zaka zambirimbiri pa M1 ya kwathu ija, kuchokera ku Blantyre mpaka ku Karonga, komanso njira ya ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ndiye ganizani nokha mmene ndinkamvera kuyendetsa iwo ali pambali panga. Kusintha giya kokha, thukuta kamukamu.

Amene mumaidziwa M62 mukudziwa kuti pakati pa Manchester ndi Leeds msewu umakwera mapiri a Pennines. Pafupi ndi junction 22 ndi pamene pali pokwera kwambiri pa ma motorway onse a ku England, mamita 372 kuchokera pa mlingo wa nyanja. Ndi chigwembe cha udzu wokhawokha, mitengo kulibe, mphepo imangochita zofuna zake. Nthawi inali cha m'ma 11 koloko, kamvula kakuwaza. Ndinali nditangopitirira lole n'kubwerera mu lane ya kumanzere, basi ndinangomva phuu! kumbuyo. Galimoto inayamba kuvina, kumbuyo kukukokera uku ndi uku. Phazi langa linathamangira pa buleki. Amalume anakuwa: "Usaponde buleki! Gwira chiongolero ndi manja onse. Chotsa phazi pa moto pang'onopang'ono, isiye ichepetse yokha."

Ndinamvera. Ndinayatsa indiketa ya kumanzere n'kulowa mu hard shoulder, kamsewu ka m'mbali kaja kosungira ngozi. Lole ndinaipitirira ija inadutsa ikuliza hutala. Tinaima. Tsopano mverani chimene ndinachita. Ndinazimitsa injini, n'kuzimitsanso magetsi, ngati ndafika pakhomo panga. Dzanja linangochita zimene linazolowera. Ndinakhala phee mumdima, ndikupuma mwabefu, mwana akulira, galimoto yanga yakuda ili mamita ochepa kuchokera pamene malole akudutsa, popanda nyali ngakhale imodzi yoyaka. Inatha mphindi, mwina ziwiri. Chinandidzidzimutsa ndi lole ina imene inadutsa, galimoto yonse n'kugwedezeka ndi mphepo yake. Ndipamene ndinayamba kupapasa kabatani kaja. Ndipo abale, zaka ziwiri ndili ndi galimoto imeneyo, ndinachita kukafunafuna.

Nthawi imeneyi n'kuti amalume atatuluka kale, aima kumbuyo kwa galimoto akugogoda buti. Ndinadutsira pampando wawo n'kutulukira chitseko cha kumanzere.

"Mwanawe, tsegula buti. Jeke ili kuti?"

"Amalume, pano sitingasinthe tayala."

"Iwe, ine ndasintha matayala a lole pa Zobue, dzuwa likuswa mtengo, ndili ndekhandekha. Kagalimoto aka n'kachiyani? Mphindi 10 basi, tinyamuka."

Tayala lophulikalo linali la kumbuyo kumanja, mbali ya msewu. Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Mwana sauza amalume ake zochita, makamaka pa ntchito imene iwo aidya moyo wawo wonse, ndipo mphindi zisanu zapitazo ndi mawu awo amene anatipulumutsa. Koma ndinaona pamene akanagwada, ndinaona pamene matayala a malole akudutsa. Ndinati: "Amalume, chonde, ndapota nanu. Mukagwada pamenepo, msana wanu ukhala mumsewu. Chikakuchitikirani, amayi ndikawauza chiyani?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana msewu. Lole ina inadutsa, madzi a mumsewu n'kutiwaza tonse awiri. Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Tenga mwana."

Ndinayatsa magetsi a parking, ndinatulutsa mwana pachitseko cha kumanzere, ndinatenga foni, majekete ndi bulangete, tinalumpha chitsulo cha m'mbali mwa msewu chija n'kukwera kamtunda. Tili pamenepo amalume akuunguzaunguza mumdima. Ndinawafunsa chimene akufuna. Akuti, "Nthambi. Dziko lanji lopanda ngakhale chitsamba choika pamsewu?" Ndinaseka, mano akuguguda ndi chisanu. Tinadikira kupitirira ola limodzi mpaka a breakdown anafika ndi galimoto yawo ya magetsi achikasu, n'kutikokera pa services, kumene tayala linasinthidwa poyera, popanda lole yopuma m'khosi mwathu.

Nkhani ndi imeneyo, palibe anavulala. Tsopano tiyeni tiione bwinobwino.

Mahazadi ndi maindiketa onse, a kumanja ndi kumanzere, akuphethira limodzi. Anapangidwa kuti azigwira ntchito ngakhale injini itazima, kiyi ali m'thumba. Magetsi amachokera ku batire. Uthenga wake ndi umodzi wokha kwa wobwera kumbuyo: apa pali galimoto imene sikuyenda monga mukuganizira, chenjerani.

N'chifukwa chiyani uthenga umenewu uyenera kufika msanga? Tiyeni tiwerengere. Liwiro lovomerezeka pa motorway ku Britain kuno ndi mamailosi 70 pa ola, pafupifupi makilomita 113. Pa liwiro limenelo galimoto imadya mamita 31 pa sekondi imodzi. Highway Code, buku la malamulo a pamsewu la kuno, limati galimoto yaing'ono yothamanga mamailosi 70 imafuna mamita 96 kuti iime: mamita 21 dalaivala akadaganiza, mamita 75 mabuleki akugwira. Chimenecho ndi pafupifupi bwalo lonse la mpira. Ndipo ndi pamsewu wouma. Pakanyowa, mtundawo umawirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo pa ayisi ungafike kakhumi. Lole yodzaza katundu imafuna mtunda wochulukirapo. Ndiye galimoto yakuda, yozima magetsi, usiku wa mvula, wobwerayo amaiona atafika kale. Sekondi iliyonse imene mahazadi akumupatsa ndi mamita 31. Mphindi ija ndinakhala mumdima, ndinawamana anthu onse odutsa mamita amenewo.

Koma pali chinthu chimene mahazadi sachita. Saimitsa lole. Dalaivala amene akuodzera, kapena maso ali pafoni, akhoza kuseseleka kulowa mu hard shoulder, mahazadi anu akuphethira bwinobwino. N'chifukwa chake kuyatsa mahazadi ndi gawo limodzi chabe la ntchito. Mbali yotsalayo ndi kuchotsa matupi anu pamalopo.

Ndondomeko yake, pa motorway ya kuno, ndi iyi, ndipo ndiinena pang'onopang'ono. Mukangomva kuti galimoto yavuta, yang'anani kumanzere. Ngati ikuyendabe bwino, tulukani pa junction yotsatira kapena lowani pa services, chifukwa kumeneko ndi kotetezeka kuposa m'mbali mwa msewu. Ngati sizingatheke, yatsani indiketa ya kumanzere, lowani mu lane ya kumanzere, kenako mu hard shoulder. Onani kuti ndati indiketa poyamba. Mahazadi akayaka, mbali zonse zikuphethira, wa kumbuyo sangadziwe kumene mukulowera. Koma ngati galimoto ikufa muli pakati pa msewu ndipo simungathe kusuntha, pamenepo musadikire, mahazadi nthawi yomweyo.

Mukaima, imani kumanzere kwenikweni, koma musiye mpata wotsegulira chitseko. Pindirani matayala a kutsogolo kumanzere, kuti wina akaigunda kumbuyo galimoto ilowere kutchire osati mumsewu. Kokani handibuleki. Yatsani mahazadi. Ngati kuli mdima kapena chifunga, siyaninso magetsi a parking akuyaka. Aliyense atulukire zitseko za kumanzere, ngakhale inu dalaivala, dutsirani pampando wa mnzanu. Lumphani chitsulo chija ngati chilipo ndipo kuseri kwake n'kwabwino kupondako, chifukwa malo ena ndi pamlatho kapena paphompho. Talikirani galimoto. Musaime kutsogolo kwake, kumene ingakankhidwire itagundidwa, ndipo musaime pakati pa galimoto yanu ndi magalimoto obwera. Ana muwagwire dzanja osawataya. Musabwerere m'galimoto ngakhale kuzizire bwanji. Musakonze chilichonse, ngakhale tayala.

Za thirayango mumvetsetse, chifukwa apa ambiri timasokoneza. Pamisewu wamba ya kuno, Highway Code imati muiike pamtunda wosachepera mamita 45 kumbuyo kwa galimoto, mbali yomweyo ya msewu. Koma pa motorway imaletsa. Chifukwa chake n'chosavuta: kuyenda mamita 45 m'mbali mwa magalimoto othamanga choncho, n'kuweramanso kuti muiimike, n'koopsa kuposa phindu la thirayangoyo.

Kenako itanani thandizo. Funso loyamba limene adzakufunseni ndi lakuti muli pati, ndipo kuyankha kuti "ndili pa M62 penapake" sikuthandiza. M'mbali mwa ma motorway a ku England muli zikwangwani za buluu zolembedwa ndi chikasu, pafupifupi mamita 500 alionse. Zimakhala ndi dzina la msewu, chilembo monga A kapena B chosonyeza mbali imene muli, ndi nambala ya mtunda. Muwerenge mizere itatu yonseyo. Palinso timitengo tating'ono pa mamita 100 alionse, tokhala ndi muvi wolozera kumene kuli foni ya ngozi yapafupi. Mafoni a orenji amenewo ndi aulere, ndipo woyankha amadziwiratu pamene mwaima. Ku England mukhozanso kuimbira National Highways pa 0300 123 5000, kenako a breakdown anu. Ngati moyo uli pachiswe, 999.

Tsopano pali ma smart motorway, amene ambiri a ife timadutsamo tsiku ndi tsiku pa M1, M6, ngakhale mbali zina za M62 yomweyo. Pa ena mwa amenewa hard shoulder anaisandutsa lane yoyendamo. M'malo mwake muli malo oimapo pangozi, opakidwa utoto wa orenji, okhala ndi chikwangwani cha buluu cholembedwa SOS ndi foni. Ngati mungathe, kokerani galimoto mpaka pamenepo. Ndipo musatulukepo nokha: imbani kaye foni ili pamenepoyo, chifukwa malowo ndi aafupi, simungatengerepo liwiro, ndiye nthawi zina amakutsekerani lane kuti mulowe. Boma la Britain linalengeza mu Epulo 2023 kuti silimanganso ma smart motorway atsopano, koma amene alipo kale akugwirabe ntchito.

Nanga galimoto ikafera mu lane yoyendamo, ndipo simungatuluke bwinobwino? Apa malangizo amatembenuka. Khalani m'galimoto, lamba womanga, mahazadi oyaka, imbani 999 nthawi yomweyo n'kupempha apolisi. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi batani la SOS kudenga, pafupi ndi galasi loonera kumbuyo. Limeneli limaimba lokha n'kutumiza malo amene muli. Oyang'anira msewu akadziwa, amaika X wofiira pamwamba pa lane yanu. Ndiye inunso, tsiku limene mukuyenda bwino n'kuona X wofiira, tulukani mu lane imeneyo. Kuyendamo ndi mlandu, faindi ya £100 ndi mapointi atatu pa laisensi. Koma iwalani za faindi, kumbukirani kuti kutsogoloko mwina kuli munthu wamanga lamba, akupemphera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tikambe tsopano za kumene timawaononga mahazadi, chifukwa nyali imene imayaka paliponse anthu amasiya kuikhulupirira. Kwathu mahazadi ndi a ukwati, mdipiti wonse ukuphethira, mahutala ali pakamwa. Ndi a maliro. Ndi a minibasi imene yaima pakona kunyamula munthu. Kuno lamulo nambala 116 la Highway Code limanena zomveka: mahazadi ndi a galimoto yoima imene ikutchinga msewu kwa kanthawi, ndipo si chowiringula choimikira galimoto pamalo oletsedwa kapena oopsa. Anzanga operekera zakudya ndi maphukusi, ndi anzanga a care amene mumati "ndingolowa mphindi ziwiri", mizere iwiri yachikasu ija siichoka chifukwa mwayatsa mahazadi. Tikiti mudzaipeza pagalasi. Lamulo lomwelo limaletsa kuyatsa mahazadi mukuyenda kapena mukukokedwa, kupatula pa motorway kapena pa dual carriageway ya liwiro lonse, pamene mukufuna kuchenjeza a kumbuyo kuti kutsogolo kwaima. Ngakhale pamenepo, ndi kwa kanthawi kochepa, wa kumbuyo akaona muzimitse. Ndipo musadabwe magalimoto ena atsopano akamaphethira okha munthu akaponda buleki mwamphamvu, anapangidwa choncho.

Abale a ku South Africa, sindinakuiwaleni. Kumeneko mahazadi alinso ndi ntchito ya ulemu: lole ikakupatukirani kulowa kuseri kwa mzere wachikasu kuti mudutse, mumaphethira kawiri kunena zikomo. N'zokoma ndithu. Koma chizolowezi china chija, choyatsa mahazadi ulendo wonse mvula ya mabingu ikagwa ku Gauteng, chili ndi vuto. Wa kumbuyo sadziwa ngati mwaima kapena mukuyenda, sadziwa mukafuna kusintha lane, ndipo amene wafadi m'mbali mwa msewu sasiyananso ndi ena onse. Mvula ikakula, chepetsani liwiro, yatsani magetsi a kutsogolo, talikiranani. Ikafika posaona, tulukani mumsewu pamalo abwino monga pa garaji, osati kungoima mu lane.

Galimoto ikafa kumeneko, lamulo limafuna thirayango, pamtunda wosachepera mamita 45. Manambala ndi 112 pafoni ya m'manja, 10111 apolisi, 10177 ambulansi. Koma ku South Africa kuli chinthu chachiwiri choganizira, chimene ndi achifwamba. Pa misewu ina, monga N1 ndi N4 kufupi ndi Pretoria, kwakhala kukumveka za anthu oika zisonga pamsewu usiku kuti matayala aphulike, woima n'kumubera. Zikakuchitikirani pamalo a mdima, okayikitsa, malangizo amene amaperekedwa ndi oti musaime pomwepo. Chepetsani liwiro, pitirizani pang'onopang'ono ndi tayala lophwalo mpaka pamalo owala, pa garaji kapena pa toll, uku wina akuimba foni. Limu idzapindika, inde. Limu amagula ina.

A ku America, zonse ndanena za kumanzere muzitembenuze. Inu mumapatukira kumanja, mumatulukira zitseko za kumanja, nambala ndi 911. Za kuyatsa mahazadi mukuyenda, malamulo amasiyana state ndi state, ndiye werengani buku la madalaivala la state yanu. Koma ma state onse 50 ali ndi lamulo lotchedwa Move Over: mukaona galimoto ya apolisi, ambulansi kapena ozimitsa moto yaima m'mbali magetsi akuphethira, sunthirani lane ina kapena chepetsani liwiro. M'ma state ambiri lamuloli limatetezanso okoka magalimoto, ndipo ena analikulitsa kuti liphimbe galimoto iliyonse yoima ndi mahazadi. Chitani choncho kwa aliyense, lamulo likhalepo lisakhalepo.

Ndipo inu amene Disembala akafika mumalongedza katundu pa bakkie, Joburg mpaka kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi Tete, musanyamuke popanda mathirayango awiri ndi jekete yonyezimira ija. Apolisi a pamsewu a ku Mozambique amazifunsa, ndipo kupatula za apolisi, njira imeneyo ndi yaitali, ya malole ambiri, ndipo malo ambiri m'mbali mulibe poima pokwanira.

Kwathu mukudziwa chimene timachita. Lole ikafa, anyamata amathyola nthambi n'kundanditsa pamsewu. Nthambi zomwezo timaikanso pakakhala maliro, kuti odutsa achepetse liwiro. Tili pa kamtunda paja, amalume anandiuza chinthu chimene sindinachiganizepo. Anati dalaivala wodziwa ntchito saika nthambi pa lole pomwepo. Amayenda nazo kutali, kuseri kwa kona, pamwamba pa chitunda, kuti wobwerayo aone akadali ndi mpata woponda buleki. Ndipo akamachoka amazichotsa, kuti mawa anthu asazolowere nthambi zabodza. Ndinangoti, amalume, zimenezotu ndi zomwe zili m'buku la kuno. Nzeru yake ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa motorway palibe mpata woti munthu aziyenda wapansi, ndiye mahazadi ndi amene amagwira ntchito ya nthambi.

Mfundo ina imene amafunsa anthu: kodi mahazadi samaliza batire? Amamaliza, akayaka maola ambiri injini ili chizimire, makamaka batire likakhala lotopa kale. Koma musazimitse pofuna kusunga batire muli m'mbali mwa msewu. Batire lakufa a breakdown amalidzutsa ndi mawaya. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti vuto likakhala la magetsi enieniwo, mwachitsanzo alternator yafa ndipo batire lauma, mahazadi akhoza kufooka kapena osayaka n'komwe. Chizindikiro chake chimabwera msanga: kanyali kofiira ka batire pa dashibodi, magetsi akuyamba kuzilala. Mukaona zimenezo usiku, musaumirire kuti ndikafika, fufuzani potulukira magetsi asanathe. Ndipo muzikhala ndi tochi.

Ndiye nayi ntchito yanu ya sabata ino. Mawa musanalize galimoto, pezani kabatani kofiira kaja. Tsinzinani, kagwireni katatu, mpaka dzanja lizolowere. Muonetsenso amene mumayenda naye kawirikawiri, chifukwa tsiku la tsikulo mwina manja anu onse adzakhala pa chiongolero. Kayatseni, tulukani, zungulirani galimoto muone ngati mababu onse akuphethira. Jekete yonyezimira muiike m'kati, m'thumba la chitseko, osati pansi pa katundu mu buti. Ikanimo bulangete, tochi, chaja ya foni, ndi madzi. Muyang'ane matayala: ku Britain mano a tayala asachepere mamilimita 1.6, ndipo mpweya muziyeza matayala ali ozizira. Langa lija ndinali ndisanaliyang'ane miyezi, ndivomere. Ngati mulibe breakdown cover, funsani mtengo wake lero, muuyerekeze ndi mtengo woitana galimoto yokoka usiku mulibe cover. Nambala yawo muisunge mufoni, muilembenso pakapepala.

Chomaliza, kwa inu amene makolo, azakhali kapena amalume akubwera kudzacheza. Kambiranani zimenezi muli pakhomo, tiyi ali patebulo. Auzeni mwaulemu kuti galimoto ikavuta pa motorway, tonse timatulukira kumanzere, timalumpha chitsulo, ndipo palibe amene amagwira jeke. N'kosavuta kugwirizana pa sofa kusiyana ndi kukangana ndi munthu wamkulu mvula ikugwa, malole akudutsa.

Amalume anabwerera kumudzi mwezi wa Malichi. Mpaka lero tikamalankhula pa WhatsApp, asananene za chimanga kapena za amayi, funso lawo loyamba ndi lakuti, "Mwanawe, matayala wayeza?" Ndimati eya, amalume, ndayeza. Iwo amati nkhani ya usiku uja amaifotokoza kwa anzawo a malole, koma mbali yoti mwana wa mlongo wawo anawakaniza jeke amaidumpha.

Ngati muli ndi mnzanu amene wangotenga laisensi, kapena amene amayenda usiku kuchokera ku shifiti, mutumizireni pulogalamuyi. Ndipo ngati munafedwapo galimoto pamsewu, kaya pa M6, pa N1 kapena pa Zalewa, tiuzeni mmene zinathera, tidzawerenga zina mu pulogalamu ikubwerayi. Muyende bwino, mukafike.